Kuyeza PSA: Nambala Imene Abambo a M'mafamu a ku Mashonaland Amaidziwa Mochedwa

HARARE - M'madera a mafamu akuluakulu a fodya ndi chimanga ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, monga ku Banket, Trelawney, Mvurwi, Shamva ndi Karoi, muli abambo ambiri olankhula Chichewa amene makolo awo, kapena eni akewo, anachokera ku Malawi, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia. Ambiri mwa iwo tsopano apyola zaka 50, msinkhu umene khansa ya prostate imayamba kuvutitsa abambo.

Khansa imeneyi ndi imene ikupezeka kwambiri pakati pa abambo akuda m'dzikoli, malinga ndi kaundula wa matenda a khansa wa Zimbabwe National Cancer Registry, amene anakhazikitsidwa mu 1985 pachipatala cha Parirenyatwa mumzinda wa Harare. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013 anasonyeza kuti pakati pa 1991 ndi 2010, khansayi inkakwera ndi 6.4 peresenti chaka chilichonse pakati pa abambo akuda a ku Harare. Khansa ya Kaposi, imene inkatsogola pa nthawi imene Edzi inafika poipa, inayamba kuchepa, ndipo boma litayamba kupereka ma ARV mu 2004 abambo ambiri anayamba kufika pa ukalamba, pamodzi ndi matenda ake.

Njira yofala kwambiri yofufuzira khansayi ndi kuyeza puloteni ina ya m'magazi yotchedwa PSA. Kuyezako n'kosavuta: namwino amatenga magazi pang'ono pamkono, ndipo kuchokera ku labotale kumabwera nambala. Chovuta n'kumvetsa zimene nambalayo ikutanthauza, komanso kupeza chithandizo chimene chiyenera kutsatira. Pa zonse ziwirizi, bambo wa m'komboni ya pafamu ali kutali kwambiri ndi bambo wa ku London kapena ku New York, kumene malangizo ambiri okhudza PSA amalembedwa.

PSA n'chiyani?

Prostate ndi kachiwalo ka abambo okha kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo kamazungulira njira imene mkodzo umadutsa. Mwa mnyamata kamalemera pafupifupi magalamu 20. Ntchito yake n'kupanga madzi ena amene amakhala mbali ya umuna. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku mulibe dzina lodziwika la kachiwaloka, n'chifukwa chake odwala amangonena za "vuto la mkodzo" kapena "matenda a abambo", mawu amene amaphimba matenda osiyanasiyana.

Maselo a prostate amapanga puloteni imene ntchito yake n'kusungunula umuna ukatuluka, kuti mbewu ya abambo ithe kusambira. Puloteni imeneyi ndiyo PSA, chidule cha mawu a Chingelezi akuti prostate-specific antigen. Yambiri imatuluka ndi umuna, ndipo imene imalowa m'magazi a munthu wabwinobwino ndi yochepa zedi, moti imayezedwa m'mananogalamu pa mililita imodzi ya magazi. Nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu. Prostate ikakula, ikatupa, ikavulala kapena ikagwidwa ndi khansa, PSA yambiri imadontha n'kulowa m'magazi ndipo nambala ija imakwera.

Dzinalo lenilenilo likunena zoona zimene anthu ambiri sazimva. Limatanthauza puloteni ya prostate, osati puloteni ya khansa.

Wasayansi wa ku America, Richard Ablin, anafotokoza za puloteni yopezeka mu prostate mu 1970. Mu 1979 gulu lotsogoleredwa ndi T. Ming Chu ku Roswell Park mumzinda wa Buffalo linaipatula payokha, ndipo chaka chotsatira linasonyeza kuti ingathe kuyezedwa m'magazi. Mu 1986 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza kuyeza PSA, koma pa cholinga chimodzi chokha: kulondoloza odwala amene anali atapezeka kale ndi khansa. Chilolezo choigwiritsa ntchito pofufuza khansa mwa abambo a zaka 50 kupita m'tsogolo chinabwera mu 1994.

Nambala si chigamulo

M'zaka zapitazi, anthu a m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa anazolowera kuyezetsa HIV ndi malungo, kumene yankho limakhala lachidule: kachilombo kapezeka kapena sikanapezeke. PSA siyankha choncho.

Kwa nthawi yaitali madokotala akhala akutenga 4 ngati malire. Koma mwa abambo amene PSA yawo ili pakati pa 4 ndi 10, pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene amapezeka ndi khansa akafufuzidwa mokwanira. Nambala ikapitirira 10, mwayi woti ndi khansa umaposa theka. Ikafika m'mahandiredi, kawirikawiri khansayo imakhala itafalikira kale. Komanso nambala yotsika si chitsimikizo chakuti munthu alibe nthendayi. Kafukufuku wa ku America wa mu 2004 anapeza khansa mwa abambo 15 mwa 100 alionse amene PSA yawo sinapitirire 4, ngakhale kuti zambiri mwa khansazo zinali zosaopsa.

Chimene chimakweza PSA kawirikawiri ndi kukula kwa prostate kumene kumabwera ndi ukalamba. Kukula kotere si khansa ndipo sikusanduka khansa, koma n'kumene kumachititsa abambo ambiri kudzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, kudikira nthawi yaitali mkodzo usanayambe kutuluka, kapena kutsekeka mkodzo kumene. Matenda a m'njira ya mkodzo, kutupa kwa prostate ndiponso kuikidwa kapaipi kotulutsira mkodzo nazo zimakweza nambalayi, nthawi zina kwambiri. N'chifukwa chake munthu amene wadwala matenda a m'njira ya mkodzo amalangizidwa kudikira milungu 6 asanayezetse. Amalangizidwanso kupewa kugonana ndi ntchito yolemetsa kwa masiku awiri. Kupalasa njinga mtunda wautali kungathenso kuikweza pang'ono, mfundo yofunika kuikumbukira m'madera amene njinga ndiyo imafikitsa anthu kuchipatala. Mankhwala a finasteride, amene amaperekedwa kwa abambo a prostate yokula, amachita zosiyana: amatsitsa PSA ndi theka, choncho dokotala ayenera kuuzidwa ngati munthu akumwa mankhwalawa.

Pa misonkhano yodziwitsa anthu za khansa, makamaka m'mwezi wa November, nthawi zina pamagwiritsidwa ntchito tizipangizo toyezera mwachangu tofanana ndi ta malungo. Timeneti timangosonyeza ngati PSA yapitirira malire, ndipo sitipereka nambala yeniyeni. Timathandiza kupeza amene ayenera kupita kuchipatala, koma munthu amene wauzidwa kuti "kapezeka" n'kusiyidwa popanda kufotokozeredwa amabwerera kunyumba akukhulupirira kuti ali ndi khansa, pamene mwina alibe.

Umboni weniweni umapezeka dokotala akatenga tizidutswa ta prostate ndi singano, n'kutitumiza kwa katswiri woyeza ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Asanafike pamenepo, dokotala amapima prostate ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. Kupimaku kumatenga masekondi ochepa ndipo sikufuna makina alionse, koma abambo ambiri amakukana chifukwa cha manyazi. Prostate yolimba ngati mwala kapena yokhala ndi timabampu imauza dokotala zambiri zimene nambala payokha singanene.

Mkangano wa m'mayiko olemera

M'zaka za m'ma 1990 abambo mamiliyoni ambiri ku America anayamba kuyezetsa PSA chaka ndi chaka, ndipo chiwerengero cha opezeka ndi khansa chinakwera modzidzimutsa. Patapita nthawi zinaoneka kuti khansa zambiri za prostate zimakula pang'onopang'ono kwambiri moti munthu amamwalira ndi nthenda ina khansayo isanamuvutitse. Abambo ambiri anachitidwa opaleshoni imene sinkafunika, ndipo ena anatsala osatha kusunga mkodzo kapena opanda mphamvu m'banja.

Mu 2009 zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya zinasonyeza kuti kuyeza PSA kunachepetsa imfa za khansayi ndi 20 peresenti, koma kuti apulumutse munthu mmodzi panafunika kuyeza abambo 1,410 ndi kupereka chithandizo kwa ena 48. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka nthawi yomweyo sanapeze kusiyana kulikonse. Richard Ablin mwini wake analemba m'nyuzipepala ya New York Times mu 2010 kudzudzula mchitidwe woyeza aliyense. Mu 2012 komiti ya akatswiri yolangiza za kupewa matenda ku America inanena kuti kuyezaku kulekeke, koma mu 2018 inasintha n'kunena kuti abambo a zaka 55 mpaka 69 azisankha okha atakambirana ndi dokotala. Ku Britain, kafukufuku wa ProtecT analondoloza abambo 1,643 opezeka ndi khansa isanafalikire, ndipo mu 2023 analengeza kuti patatha zaka 15 pafupifupi 97 mwa 100 alionse anali asanamwalire ndi khansayo, kaya anachitidwa opaleshoni, anawotchedwa ndi makina kapena ankangoyang'aniridwa.

Nkhani zimenezi zikafika ku Africa zimamveka ngati zikunena kuti PSA ndi yopanda ntchito, koma kumva kotero n'kulakwitsa. Ambiri mwa abambo amene anayezedwa m'kafukufuku ameneyu anali azungu, opanda chizindikiro chilichonse cha matenda, okhala pafupi ndi zipatala zokhala ndi zonse. Ku Britain komweko, bambo mmodzi mwa abambo akuda anayi amapezeka ndi khansayi pa moyo wake, poyerekeza ndi mmodzi mwa azungu 8. Malangizo a ku South Africa amati abambo akuda, ndiponso amene m'banja mwawo munapezekapo khansayi, ayambe kukambirana za kuyezetsa ali ndi zaka 40, ena onse ali ndi zaka 45. Ndipo lipoti la akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet la mu 2024 linachenjeza kuti odwala atsopano padziko lonse adzakwera kuchoka pa 1.4 miliyoni mu 2020 kufika pa 2.9 miliyoni mu 2040, makamaka m'mayiko osauka, kumene ambiri amapezeka mochedwa.

Mmene zilili m'makomboni

Ku Mashonaland vuto ndi lomweli la kuchedwa, ndipo zifukwa zake zili m'mbiri ya anthu a m'mafamuwa.

Mu ulamuliro wa atsamunda, anthu ambirimbiri a ku Nyasaland analowa m'dziko la Southern Rhodesia, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi bungwe limene kwawo linkadziwika kuti Mthandizi, ena wapansi kudzera ku Tete. Ambiri sanabwerere, n'kukhala matchona. Anakwatira komweko, anamanga mipingo ndi mizikiti, ndipo Gule Wamkulu amavinidwa m'madera amenewa mpaka lero. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, m'mafamu akuluakulu a dzikoli munkagwira ntchito anthu oposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wochokera kunja kapena mwana wa obwera.

M'zaka za m'ma 1980 kunayambika ndondomeko ya azaumoyo a pafamu, kuyambira m'dera la Bindura. Inathandiza kwambiri pa katemera, kadyedwe ka ana, madzi ndi zimbudzi, koma matenda a abambo okalamba sanali pa mndandanda wake. Boma litayamba kulanda ndi kugawa mafamu mofulumira mu 2000, antchito ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo amene analandirako malo anali ochepa zedi. Amene analibe mudzi wobwererako anatsala m'makomboni akale, akudalira maganyu kwa eni malo atsopano kapena kukumba golide. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ambiri kuonedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, komabe lipoti la Amnesty International la mu 2021 linapeza kuti ambiri anali adakali opanda ziphaso. Nkhani ya chiphaso imakhudza chipatala mwachindunji: ndondomeko ya boma imati anthu opitirira zaka 65 asamalipire m'zipatala za boma, koma wopanda chiphaso amavutika kutsimikizira zaka zake.

Khansa ya prostate ikamayamba sipweteka ndipo kawirikawiri sisonyeza chizindikiro chilichonse. Ikafalikira imakonda kupita m'mafupa a msana ndi a m'chiuno. Kwa bambo amene wakhala zaka 40 akuwerama m'mizere ya fodya ndi kusenza nkhuni za m'mabani, kupweteka kwa msana si chifukwa chopitira kuchipatala. Amagula panado pagolosale n'kupitiriza. Magazi mumkodzo nawo amatengedwa ngati likodzo, limene ndi lofaladi kumene kuli madamu othirira mbewu. Motero ambiri amafika kwa dokotala mkodzo utatsekeka, thupi litatha, kapena miyendo itayamba kufooka. Chizindikiro chomalizachi n'changozi. Kupweteka msana kophatikizana ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi, kungatanthauze kuti khansa ikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo kuchedwa kwa masiku ochepa kungasiye munthu wosayendanso.

Kiliniki ya kumudzi nthawi zambiri ilibe makina oyezera PSA. Magazi kapena wodwalayo ayenera kupita kuchipatala chachikulu monga cha Chinhoyi, Bindura kapena Marondera, kuchipatala cha mishoni monga Karanda kufupi ndi Mount Darwin kapena Howard ku Chiweshe, kapena ku labotale yolipira. Madokotala a matenda a njira ya mkodzo ndi akatswiri oyeza tizidutswa tija ambiri ali ku Harare ndi ku Bulawayo. Makina a boma owotchera khansa ali m'zipatala ziwiri zokha, Parirenyatwa ndi Mpilo, ndipo m'zaka zapitazi akhala akuwonongeka kwa nthawi yaitali. Mu 2024 boma linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa ponena kuti ndalama zake zigulire zipangizo zothandizira odwala khansa. Ulendo uliwonse pa njira imeneyi umafuna ndalama ya basi, ya chakudya ndi ya womuperekeza wodwalayo.

Apa m'pamene pali funso lovuta kwa okonza misonkhano yoyeza anthu m'mafamu. Kuyeza abambo 200 tsiku limodzi n'kotheka. Koma ngati palibe dongosolo lofikitsa kwa dokotala amene nambala zawo zakwera, kuyezako kumangosiya mantha. Chimene chingathandize msanga m'madera otere ndi chakuti bambo aliyense wopitirira zaka 45 wofika ku kiliniki ndi vuto la mkodzo, kapena ndi msana wosapola, apimidwe ndi kuyezedwa m'malo mongopatsidwa mankhwala opha ululu, ndipo amene bambo ake kapena m'bale wake anadwala khansayi asadikire zizindikiro.

Pamene PSA imagwira ntchito bwino koposa

Pa ntchito imene inavomerezedwera poyamba mu 1986, yolondoloza chithandizo, PSA ilibe mkangano. Anthu amene amamwa ma ARV amaidziwa kale mfundo yake: nambala ya kuchuluka kwa kachilombo ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira, ikayamba kukwera ndiye kuti pali chofunika kusintha.

Prostate yonse ikachotsedwa pa opaleshoni, PSA imayenera kutsika m'milungu yochepa mpaka kusaoneka, chifukwa theka la PSA ya m'magazi limatha pa masiku awiri kapena atatu alionse. Ikadzafikanso pa 0.2 n'kumakwerabe, madokotala amadziwa kuti maselo ena a khansa anatsala, nthawi zambiri wodwalayo asanamve chilichonse m'thupi. Kwa amene anawotchedwa ndi makina, nambala imatsika pang'onopang'ono, ndipo chenjezo limabwera ikakwera ndi 2 kuchoka pamene inatsikira kwambiri. Nelson Mandela analandira chithandizo chotere kwa milungu 7 mu 2001, madokotala ataona PSA yake itakwera, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2013. Desmond Tutu, amene anapezeka ndi khansayi mu 1997, anakhala nayo zaka zoposa 20 ndipo ankalankhula za nthenda yakeyo poyera.

Kwa odwala amene khansa yafalikira, amene ndiwo ambiri m'mafamu, chithandizo chachikulu n'kuchepetsa homoni ya chimuna yotchedwa testosterone, imene khansayi imadalira kuti ikule. Njira imeneyi anaitulukira Charles Huggins ku Chicago mu 1941, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1966. Masiku ano imachitika m'njira ziwiri. Ina ndi jakisoni, monga goserelin, wobayidwa mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, amene ndi wodula ndipo safunika kudumphitsa. Ina ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa mavalo, imene imachitika kamodzi kokha ndipo ingatheke pachipatala cha boma kapena cha mishoni chokhala ndi dokotala wa opaleshoni. Abambo ambiri amaiopa opaleshoniyi, ndipo mantha awo ndi omveka, koma ayenera kuuzidwa kuti jakisoni naye amachepetsa chilakolako ndi mphamvu ya m'banja mofanana. PSA ikakhala yokwera kwambiri, prostate ili yolimba ndipo zithunzi za mafupa zikusonyeza khansa, madokotala ena amayamba chithandizochi osadikira zotsatira za tizidutswa.

Zotsatira zake zimaoneka msanga. Nambala imene inali m'mahandiredi ingathe kutsika mpaka pansi pa 4 m'miyezi yochepa, ululu wa mafupa umachepa, ndipo munthu amene ankanyamulidwa amayambanso kuyenda. Khansayo sikhala itachira. Pakapita chaka chimodzi, ziwiri kapena kuposerapo, imayamba kukula popanda homoni ija, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala PSA yokwera pa kuyeza kotsatizana. Pamenepo pamafunika mankhwala ena monga abiraterone, amene bungwe la World Health Organization linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2019, pamodzi ndi chisamaliro chochepetsa ululu chonga chimene bungwe la Island Hospice lakhala likupereka m'Zimbabwe kuyambira 1979.

Zonsezi zimadalira kuyerekeza nambala ya lero ndi ya miyezi yapitayo, makamaka ngati zonse zayezedwa pa labotale imodzi, popeza makina osiyana amasiyana pang'ono. Wodwala wa pafamu amayezetsa pamene ndalama yapezeka, lero ku Chinhoyi, ulendo wina ku Harare kumene kuli mwana wake, ndipo zolemba za zipatalazi sizikumana. Choncho kabuku ka chipatala kamene wodwalayo amasunga yekha n'kofunika kuti mulembedwe tsiku limene anayezedwa, nambala yake, dzina la labotale ndi mankhwala amene ankalandira pa nthawiyo.